Mmene ndinawagulira amayi foni yamakono ndi kuikonza kuti igwire ntchito ku Lizulu

Amayi anga amagulitsa mbatata ya kachewere ndi kabichi pamsika wa Lizulu. Amalonda a ku Lilongwe ndi ku Blantyre amene amawapikula masiku ano amafuna kuona chithunzi cha katundu pa WhatsApp asanatumize galimoto. Kafoni kawo kamabatani sikakanatha zimenezi, choncho tinagwirizana kuti ndiwagulire yamakono.

Ndisanapite kusitolo pa Ntcheu boma ndinali nditadziwa kale chofuna. Kamera yokongola ndinaiika pambuyo. Choyamba chinali batire, chifukwa kwathu timatchajira pa sola ndipo mitambo ikaphimba mapiri, moto umachepa. Ndinafuna ya 5000mAh, yosunga moto nthawi yaitali. Chachiwiri, malo a SIM awiri, kuti TNM ndi Airtel zikhalemo zonse, poti kumapiri kuno ina ikathawa inzake imagwira. Chachitatu, memori. Wogulitsa anandionetsa yotchipa ya 16GB, nati, "Achimwene, kwa amayi iyi ikwana." Ndinakana. Gawo lalikulu la malo amenewo limadyedwa kale ndi Android, ndipo mavidiyo a m'magulu a kutchalitchi ndi a banki mkhonde amatsiriza otsalawo. Ndinatenga ya 64GB yokhala ndi RAM (memori yothandiza foni kuyenda mwachangu) ya 3GB, yolola 4G. Ma itel, Tecno ndi Samsung onse ali ndi mafoni a msinkhu umenewu. Dzina sindinalilabadire kwambiri.

Musachoke pakauntala musanaiyese. Ndinaimba *#06#, nambala ya IMEI, yozindikiritsa foni iliyonse payokha, inatuluka pasikirini, ndipo ndinaiyerekeza ndi yolembedwa pabokosi. Zikasiyana, foniyo isiyeni pomwepo. Nambalayo ndinailemba kuseri kwa lisiti, chifukwa foni ikabedwa apolisi amaifunsa. Ndinalowetsa SIM yanga m'malo onse awiri, ndinaimbira mchemwali wanga kuti ndimve sipika, kenako ndinalumikiza tchaja. Amene mukugula yogwirapo kale ntchito, onetsetsani kuti mwini wake wachotsamo akaunti yake ya Google inu mukuona. Akapanda kutero, mukaifufuta idzafuna pasiwedi ya mwini wakaleyo, ndipo mudzangokhala nayo osaitsegula.

SIM yachiwiri tinakalembetsa amayi ali pomwepo ndi chiphaso chawo cha unzika. Lamulo la MACRA, bungwe loyang'anira za mafoni, limafuna kuti nambala iliyonse ilembetsedwe, koma ine chimene ndinalimbikira n'chakuti ikhale m'dzina lawo, osati langa. Ndalama zamalonda zimadzera pa Mpamba ndi Airtel Money, ndipo SIM ikatayika, amene angakabwezeretse nambalayo ndi mwini dzina.

Kunyumba tinakhala pakhonde n'kuyamba kuikonza. Ndinawatsegulira akaunti ya Google, pasiwedi n'kuilemba m'kope lawo la ngongole limene salisiya paliponse. Manambala onse a mu SIM ndinawasamutsira mu akauntiyo kuti foni ikadzagwera m'madzi makasitomala asapite nayo limodzi. Zilembo ndinazikulitsa. Pokhoma sikirini tinayesa chidindo cha chala, koma zala za munthu wogwira dothi ndi matumba tsiku lonse foni imazikana kawirikawiri, ndiye tinaika nambala, yosiyana ndi ya ndalama zawo.

Pa WhatsApp ndi pamene ndinakhalitsa. Mu Settings, pa Storage and data, ndinazimitsa zoti zithunzi ndi mavidiyo zizitsika zokha. Apa ndi pamene bandulo ya anthu ambiri imathera iwo osadziwa. Ndinayatsanso Two-step verification, yoteteza kuti wina asalande akaunti yawo, n'kuika nambala ya manambala 6. Kulemba amayi amachedwa, choncho ndinawaphunzitsa kukanikiza kamaikolofoni n'kulankhula. Uthenga wawo woyamba unapita kwa mlamu wawo ku Dedza, ndipo anayamba ndi moni wonse, kufunsa ana mmodzimmodzi, asanafike pankhani ya mbewu. Ndinawauzanso mobwereza kuti: "Amayi, wina akaimba kuti watumiza ndalama molakwitsa, kapena akafunsa nambala yachinsinsi, dulani foni. Muone kaye nokha ndalama zanu pa *444# kapena *211#." Anayankha kuti, "Ndamva mwanawe, ya m'thumba mwanga sindiuza munthu."

Vuto lenileni linabwera patsiku la msika. Anandiimbira pafoni ya mnzawo kuti WhatsApp yaima ndipo kuimba kukukanika, chonsecho bandulo tinagula dzulo lake. Nditafika ndinayang'ana pamwamba pa sikirini: panali kachilembo ka R, koimira roaming, pafupi ndi timizere ta netiweki, ndipo dzina lolembedwa silinali la kuno. Amene mumadziwa Lizulu mukudziwa kuti msewu wa M1 umayenda m'malire enieni, tsidya lina ndi Mozambique. Foni ikasiyidwa kuti izidzisankhira yokha, imatha kugwira nsanja ya tsidya linalo ngati ndi imene ili ndi mphamvu pamalopo. Pamenepo imayesa kuti mwatuluka m'dziko. Bandulo yanu yakuno sigwira, ndipo mukaimba mtengo wake ndi wa kunja. Zimenezi zimachitikanso cha ku Biriwiri, pa Tsangano turn-off ndi kuchipata cha Dedza.

Kukonza kwake n'kwapafupi. Ndinalowa mu Settings, kenako pa SIM ndi Mobile network. Data roaming ndinazimitsa. Pamalo posankhira netiweki ndinachotsa Automatic, foni inafufuza kwa kanthawi n'kutulutsa mndandanda, momwe munali Movitel ndi Vodacom a ku Mozambique pamodzi ndi akwathu. Ndinasankha TNM pa SIM yoyamba, Airtel pa yachiwiri. Ka R kanachoka, mauthenga anayamba kulowa motsatizana. Mayina a malo amenewa amasiyanako malinga ndi mtundu wa foni, koma mawu oti roaming ndi network mudzawapeza. Dziwani kuti mukasankha nokha chonchi, pamalo pamene nsanja yakwathu sifika foni imangokhala yopanda netiweki. Kwa amayi zimenezi n'zabwinoko kusiyana ndi kutha mayunitsi. Amangosuntha pang'ono kufuna pogwira.

Tsiku lomwelo anadandaula kuti tchaja ikulowa mogwedera. M'kabowo munadzaza fumbi ndi ulusi wa chitenje, poti foniyo amaimanga pamfundo. Ndinaizimitsa n'kutokosa pang'onopang'ono ndi kamtengo kotokosera m'mano. Singano kapena waya musayerekeze, mungaononge timawaya tam'katimo. Ndinawagulira chikwama cha labala ndi galasi loteteza sikirini, ndipo tinapangana kuti mwezi uliwonse ndikabwera ndizilowa pa Manage storage n'kufufuta mavidiyo akuluakulu, koma zithunzi za matumba amene sanalipiridwe ndizizisiya.