Mbuzi, mpira ndi vesi 4

Abale, dzulo ndinatsala pang'ono kulakwitsa. Ndisanapite ku Ulongué kukagulitsa mbatata ya kachewere, ndinauza mwana wanga wa zaka 9 kuti asachoke pa mbuzi. Pobwera ndinapeza mbuzi zitatu zili m'dimba la aneba, kabichi atathera m'mimba, iye ali kumpira wachikulunga fumbi mpaka m'makutu.

Ndinathyola kamtengo ka pichesi. Ndikumukokera kuseri kwa nkhokwe ndinkangobwereza Aefeso 6:1, ana mverani akukubalani. Amayi anga ali pamphasa akusola chimanga anangoti, "Werenganinso vesi 4, bambo ake." Paja vesi imeneyo imatiletsa ife atate kukwiyitsa ana, koma ndiyo timailumpha ngati dzenje la mumsewu.

Kamtengo ndinataya, komabe mlandu sunathe. Tinapita limodzi kwa aneba, anagwada n'kupepesa ndi pakamwa pake, ine ndinalipira mametikali 300. Sabata yonseyi akaweruka kusukulu azikathirira dimbalo mbande zatsopano mpaka zigwire.

Usiku tikupemphera anandifunsa ngati Mulungu amakhululukiranso mbuzi. Kuseka ndinakubisa m'chikhatho.