Sabata ya nyemba mu resource room

Ndimaphunzitsa ana a special needs mu resource room, chipinda chawo chapadera chophunziriramo, pa pulayimale ina kuno kumwera, kosi ndinapangira ku koleji ya Montfort ku Nguludi. Sabata yathayi mutu unali kumera kwa mbewu, ndiye ndinati ulendo uno zoloweza manotsi ayi, tipange pulojekiti, azigwira ndi manja awo.

Lolemba ndinabwera ndi nyemba zoviika kale usiku, mabotolo a Sobo odula pakati ndi dothi la kuseri kwa kalasi. Ndinafunsa kuti mbewu imafuna chani kuti imere, onse phee kudikira ine ndiyankhe ndekha, paja ana athuwa tinawazoloweza kuti chilichonse ndi "inde madamu", kunyumba amawachitira zonse, kusukulu timawauza zonse. Ndiye nane mothamanga ndinangoti madzi, mpweya ndi dzuwa.

Pali kamtsikana kosaona ka sitandade 5, kofatsa, nthawi zambiri kamangokhala pa Perkins, makina olembera a osaona, kumagogoda braille. Kanakweza mkono nkuti "madamu, amayi akamadzala amakwirira ndi phazi, nanga pansipo dzuwa limalowera pati?" Eee ndinayima kaye. Zoona zake mbewu imafuna madzi, mpweya ndi kutentha, kuwalako ndi kwa pambuyo masamba akatuluka, ndimadziwa bwinobwino koma pakamwa panaterereka. Ndinatsala pang'ono kukonza pompo koma ndinadzigwira, ndinati usandikhulupirire ine, tiyeni tiyese. Botolo limodzi pawindo, lina mu kabati motseka, lina louma lopanda madzi, lina lomiza m'madzi mpaka pakamwa.

Lachiwiri ndi Lachitatu panalibe chooneka, kungothirira basi. Ntchito imeneyo ndinapatsa mnyamata wina amene kuwerenga manambala kumamuvuta, zitsekerero zitatu za madzi botolo lililonse, anayamba ndi kukhuthula mulu koma pofika Lachitatu amawerenga yekha mokweza mpaka kukalipira mnzake wofuna kuthirira louma lija. Mnyamata wosamva ndi amene amajambula mabotolo tsiku lililonse, ndipo sign ya kumera tinachita kugwirizana tokha, zala kutuluka m'chibakera.

Lachinayi zinandivuta, ndinatumidwa kukagwirizira kalasi ina chifukwa aphunzitsi ake anali kumaliro, ndiye chitseko chinatsala chotsekula mbuzi za m'mudzi zinalowa nkugwetsa la pawindo lija. Ndinatola nyemba pansi mtima ukuwawa, mwayi sizinadye.

Lachisanu kutsegula kabati, ndi kutentha kwa Okutobala uku, nyemba zamera ndithu, zazitali zoonda zotuwa ngati zodwala. Ndinagwira dzanja la kamtsikana kaja nkulitsogolera, kanapapasa pang'onopang'ono kuchokera kudothi mpaka kunsonga kenako kanangoti "ndimanena ine." Kalasi yonse kuseka, nane ndemwe. Lomiza lija linali litayamba kununkha, ndinalizunguliza aliyense anunkhize, wosamva uja anatseka mphuno nkupanga sign yoti yafa, nditamufunsa chifukwa chake analoza madziwo kenako anadzigwira pakhosi ngati munthu wobanika. Mpweya umenewo, palibe anamuuza.

Ahedi atadutsa anafunsa ngati ndalemba mu scheme, ndondomeko ya zophunzitsa ija, ndinati ndilemba. Pano kamtsikana kaja kakuti tisiye botolo mu kabati momo sabata ina tione ngati zikhale ndi moyo, ndiye kiyi ndabwera naye kunyumba kuopa osesa angataye.