Sabata yomwe ndinafufuza za akazitape

Lolemba m'mawa abwana anandiitana mu ofesi. "Mayi, pulogalamu ya mbiri Lachisanu lino ikhale ya akazitape. Omvera akhala akufunsa kuti anthu amenewa amaphunzira kuti." Ndinasankha Camp Peary, malo a asilikali omwe ali pafupi ndi Williamsburg ku Virginia, m'dziko la America. Ambiri amangoti The Farm, ndipo n'kumene bungwe la ukazitape la America, la CIA, limaphunzitsira akazitape ake, ngakhale boma lawo silikonda kuzikamba poyera.

Lachiwiri lonse ndinali pa kompyuta. Malowo ndi maekala oposa 9,000, nkhalango m'mbali mwa mtsinje wa York. Anawatsegula mu 1942, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, kuti aziphunzitsirapo asilikali apamadzi omanga misewu ndi madoko, ndipo kenako anasungiramo akaidi ankhondo a ku Germany. Ophunzira ukazitape amawaphunzitsa kuzindikira ngati wina akuwatsata m'mbuyo, kusiya uthenga pobisika, ndiponso kunyengerera munthu kuti aziulula zinsinsi za dziko lake.

Koma chimene chinandikhudza ndi china. Pamalopo panali mudzi wa Magruder, wa mabanja ambiri a anthu akuda omwe makolo awo anamasulidwa ku ukapolo. Mu 1942 boma linawasamutsa mofulumira. Ena anakakhala ku Grove, mudzi wina wapafupi, manda a makolo awo n'kutsalira mkati mwa mpanda. Lachitatu magetsi atazima ndinakhala pawindo ndi cholembera, n'kulembanso pulogalamu yonse kuti iyambire pa mudziwo. Abwana anadandaula kuti omvera akufuna za mfuti ndi zobisalirana, koma Lachinayi atamva zomwe ndinajambula anangogwedeza mutu n'kuti ipite.

Lachisanu titatsegula mafoni, anyamata awiri anafunsa za maphunziro a akazitape. Wachitatu anali agogo aakazi, mawu akunjenjemera. "Mwanangu, zimene mukunenazo ife tinaziona konkuno ku Lilongwe. Pomanga likulu anatikweza mathiraki. Mtengo wa mango womwe anabzala bambo anga ndimaudziwa mpaka lero, uli mkati mwa mpanda wa eni ake." Mu situdiyo munangoti zii. Likulu linasamuka ku Zomba kubwera kuno mu 1975, ndipo ine, wobadwira mumzinda uno, ndinali ndisanafunsepo kuti pamene pali ofesi yathu pankalima ndani.

Nambala ya agogowo ndinailemba padzanja. Loweruka ndinakwera minibasi ndi chojambulira mawu, nditanyamula shuga ndi buledi, kupita kwawo.