Seva zathu tizizisamalira tokha

Anzanga a pa Mastodon, malo athu ochezera a pa intaneti amene amayenda pa seva (makompyuta osunga maakaunti ndi mauthenga) zambiri zoima pazokha, nkhani ya Threads ikundidetsa nkhawa. Meta, kampani ya Facebook, inatsegula malo ake ochezera a Threads mu 2023, kenako n'kuyamba kuilumikiza ku ActivityPub, njira imene seva zathu zimalankhulirana. Ena akukondwa kuti tsopano mawu athu afika kwa anthu ambiri. Ine mtima wanga sukukhazikika.

Kumbukirani za XMPP. Inali njira yotseguka yotumizirana mauthenga, aliyense ankatha kuyendetsa seva yake. Google Talk, pulogalamu yochezera ya Google, inalowamo, anthu anakhamukira kumeneko, ndipo mu 2013 Google itatembenukira ku Hangouts, pulogalamu yosalumikizana ndi seva zina za XMPP, a pa seva zing'onozing'ono anayamba kusowa anzawo ocheza nawo. XMPP idakalipo, koma inatsala ndi anthu ochepa. Kampani ikakhala ndi anthu ochuluka kuposa tonsefe pamodzi, sifunika kutigula. Imangosintha zinthu kumbali kwake, ife n'kumathamanga pambuyo kuti tisatsalire.

N'chifukwa chake ndimawamvetsa oyang'anira seva amene anatsekereza Threads. Sindikuti aliyense atero, seva iliyonse imadzisankhira yokha, ndipo ufulu umenewo ndi umene tikuteteza. Koma kutsekereza pakokha sikukwanira. Seva imadya ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo ambiri amene amachotsa zachipongwe ndi sipamu (mauthenga osafunika ongotumizidwa chisawawa) amagwira ntchitoyo mongodzipereka. Akatopa, seva imatsekedwa, anthu n'kubwerera kwa makampani aja.

Ngati muli pa seva yaing'ono, isonkhereni kangachepe. Obwera kumene tisawaunjike onse pa mastodon.social, tiziwasonyeza seva zinanso. Amene muli kale kumeneko mutha kusamuka, okutsatirani amasamuka nanu limodzi.