Nkhuku yomwe ndinaifunditsa bulangete

Poti nkhaniyi yafika kale pa WhatsApp itathiridwa mchere, lekani ndiinene ndekha. Ayi, nkhukuyo sindinaiyimbire nyimbo. Kuifunditsa kokha ndiye ndikuvomera.

Mayi akunyumba popita kukachingamira apongozi kudepoti anangoti, "Bambo, mutulutse nkhuku mufiriji isungunuke." Ine kukumbukira mochedwa, kuitulutsa ili gwa ngati mwala wa m'phiri la Dedza. Mukumudziwa Juni wa kuno, madzi a m'ndowa amachita kuluma. Kugwira sefuliya yaikulu ija, kuzizira kwake! Ndati umu ndiye ndikaiwonjezera chisanu. Kugwira bulangete, lofunda bwinobwino. Inuyo mukanasankha chiyani? Ndinaikulunga m'jumbo, kenako m'bulangete lathu la ukwati, pamwamba jekete, n'kuigoneka pa sofa pabalaza. Pilo ndinangoikapo kuti isagubuduke.

Patatha maola awiri alendo afika. Ine monga mkamwini ndapereka moni chapatali, maso pansi. Apongozi kungoona kamtolo pa sofa, nkhope yawala. Anayenda monyang'ama, kukhala pambali pake, n'kuyamba kukasisita. "Wagona mdzukulu wanga, musasokose." Mdzukulu weniweniyo n'kuti ali kwa aneba. Malovu anandiuma. Mkamwini angayambire pati kuuza apongozi kuti akusisita ndiwo? Anasisita ndithu, akuyamikira kuti mwana wanenepa, tintchafu tolimba ngati ta malemu agogo ake aamuna. Anafunsanso ngati akudya bwino phala. Ndinayankha kuti eya. Kenako dzanja linalowa mkati.

"Mayo ine, mwana wauma!" Mfuu umenewo agalu a ku Bembeke anauyankha. Kuvundukula, nkhuku ili chagada, miyendo m'mwamba, chisanu chili mbuu, ngakhale phiko osafewa.

Kuseka kwa mayi akunyumba ndinakupirira. Wondimaliza anali mwana wa achemwali, wa Fomu 2 uja. "Amalume, bulangete lilibe moto. Limangotchinga kutentha kuti kusadutse. Inu mukafunda mumamva bwino chifukwa thupi lanu ndi mbaula payokha, limakhala pa madigiri 37. Nkhukuyi mwangoibisa kuti kutentha kwa m'nyumba kusaipeze."

Ndati nanga sefuliya yozizira ija? Akuti sefuliya ndi bulangete kutentha kwake kunali kofanana, poti zinagona m'nyumba imodzi. Chitsulo chimangolanda kutentha kwa dzanja mwachangu, n'chifukwa chake chimamveka chozizira, ndipo changu chomwecho chikanaitungira nkhuku kutentha. Akuti khungu limangomva liwiro limene kutentha kukuthawira m'thupi, basi.

Ndinakana. Mwanayo, wopanda ndi chisoni chomwe, anatenga tizidutswa tiwiri ta ayisi, kena pa sefuliya, kena pa mpando wathabwa. Ka pa sefuliya kanayamba kuyenderera pompo, ka pa thabwa kali phee kundiyang'ana. Apongozi, amene mtima unali usanakhale pansi, anawomba m'manja.

Koma tinene zoona, anthu inu. Bulangete timati lofunda tonse, palibe anandiuzapo kuti wofundayo ndine. Komanso magetsi akazima tsiku lonse, amene akudziwa kusunga nyama yowuma mpaka madzulo ndani pano? Muzandifuna.

Masana amenewo tinadyera usipa. Apongozi akaimba foni masiku ano amafunsa za ana onse, kenako amatsitsa mawu: "Nanga wozizira uja?"