Zaka 6.4 zimene zinkandisowa pa nkhani ya mapasa

Kwa masabata atatu ndakhala ndikufunafuna zaka 6.4 zimene zinkasowa m'masamu anga, ndipo ndinazipeza Lachinayi usiku pa pepala la timabokosi, nditatsala pang'ono kutaya mtima n'kungoloweza yankho monga mmene anzanga ambiri achitira. Ndikulemba izi mtima uli m'malo, ngakhale kuti ndili ndi manyazi pang'ono poona kuti chimene chinkandisautsa chinali pa tsamba loyamba lenileni la mutu wa special relativity, chiphunzitso cha Einstein cha mmene liwiro limakhudzira nthawi ndi mtunda. Sindibwereza mfundo ziwiri zimene Einstein anayambira mu 1905, ndipo sindifotokoza mmene gamma, nambala yosonyeza kuchedwa kwa wotchi yoyenda, amapezekera, chifukwa aliyense amene wafika pa mutu umenewu wazilemba kale m'kope kangapo.

Funso lake ndi lija la mapasa limene wasayansi wa ku France Paul Langevin analitchukitsa mu 1911. Mmodzi watsala pa dziko, winayo wakwera chombo kupita ku nyenyezi imene kuwala kumatenga zaka 4 kuti kukafikeko, ndipo chombocho chikuthamanga pa 0.8 ya liwiro la kuwala. Kwa wotsala, ulendo wopita ndi zaka 5 ndipo wobwerera ndi zaka 5, zonse pamodzi zaka 10. Gamma pa liwiro limeneli ndi 5/3, choncho wotchi ya waulendo iwerenga zaka 3 popita ndi zaka 3 pobwerera, ndipo akadzakumana, waulendo adzakhala atakula ndi zaka 6 zokha. Masamu amenewa sanandivutepo.

Vuto linkayamba ndikakhala m'chombomo n'kuwerenga ngati waulendo. Kwa iyeyo chimene chikuyenda ndi dziko, ndiye kuti wotchi imene ikuchedwa ndi ya m'bale wake wotsalayo. M'zaka 3 zake zopita, wotchi ya pa dziko iyenera kuwerenga zaka 1.8 zokha, ndipo m'zaka 3 zobwerera iyenera kuwerenganso 1.8, zimene zikupanga 3.6. Komabe akafika apeza kuti wotchi ya pa dziko yawerenga zaka 10. Ndinabwereza masamuwa mwina kakhumi, ndinakayikira kakyuleta yanga, ndipo tsiku lina ndinafika poganiza kuti mfundo yakuti aliyense amaona wotchi ya mnzake ikuchedwa ndi kalankhulidwe chabe kamene sikayenera kutengedwa ndi mtima wonse. Pakati pa 3.6 ndi 10 panali dzenje la zaka 6.4, ndipo panalibe fomula m'kope langa imene inkandiuza kumene zakazo zalowa.

Usiku wa Lachinayiwo ndinasiya mafomula n'kujambula chithunzi cha Minkowski, nthawi kukwera m'mwamba, mtunda kupita cham'mbali. Mzere wa wotsala ndi woongoka, kuyambira pa 0 mpaka pa 10. Mzere wa waulendo ukupendekera kumanja mpaka pa malo okhotera, pamene mtunda ndi 4 ndipo nthawi ndi 5, kenako ukubwerera kumanzere. Zimenezi ndinali nditazijambulapo kale. Chimene ndinali ndisanachitepo ndicho kujambula mzere wa zinthu zonse zimene waulendo amati zikuchitika pa nthawi imodzi ndi iye. Mzere umenewu sugona chopingasa monga wa wotsala, umapendekeka, ndipo kupendekeka kwake kumadalira liwiro ndi kumene munthuyo akulowera. Nditaujambula kuchokera pa malo okhotera, chombo chisanatembenuke, unakagunda mzere wa dziko pa 1.8. Nditaujambulanso kuchokera pa malo omwewo, chombo chitangotembenuka, unapendekera mbali ina n'kukagunda pa 8.2. Ndinachotsa 1.8 pa 8.2 n'kukhala chete kwa kanthawi, chifukwa yankho lake linali 6.4.

Zakazo sizinatayike, ndipo palibe chodabwitsa chimene chinachitikira wotsalayo pa nthawi imene chombo chinkatembenuka. Iye ankangodya, kugona ndi kukalamba tsiku ndi tsiku monga mwa nthawi zonse. Chimene chinasintha ndi tanthauzo la mawu akuti "panopa kwathu" m'kamwa mwa waulendo. Asanatembenuke, akanena kuti panopa kwathu, amaloza chaka cha 1.8, ndipo atatembenuka, mawu omwewo amaloza chaka cha 8.2. Kulakwa kwanga konse kunali kuphatikiza kuwerenga kwa anthu awiri osiyana, wopita ndi wobwerera, ngati kuti ndi munthu mmodzi amene ali ndi "panopa" mmodzi, pamene awiriwa sagwirizana n'komwe za tsiku limene lili pa dziko. Wopitayo akunena zoona ponena kuti wotchi ya pa dziko ikuchedwa, wobwererayo akunenanso zoona, koma pamene woyamba wasiyira kuwerenga si pamene wachiwiri wayambira.

Ndakhala ndikuzungulira mfundo imeneyi kuyambira tsikulo, chifukwa ndikuona kuti mutu wonse wagona pamenepa. Tinazolowera kuganiza kuti nthawi ino ndi imodzi kulikonse, kuti pamene ndikulemba chiganizochi pali chinachake chimene chikuchitika pa nyenyezi yakutali pa nthawi yomweyi, ndipo aliyense angavomereze kuti n'chimenecho. Koma kuti munthu anene kuti zinthu ziwiri zotalikirana zachitika nthawi imodzi, ayenera kukhala ndi mawotchi awiri olinganizidwa, ndipo kulinganizako kumachitika potumiza kuwala kuchokera pa wotchi ina kupita pa inzake. Popeza liwiro la kuwala, mamita 299,792,458 pa sekondi, ndi limodzimodzi kwa aliyense, anthu awiri amene akuyenda mosiyana adzalinganiza mawotchi awo mosiyananso. Einstein, amene pa nthawiyo ankagwira ntchito mu ofesi yoona za umwini wa zopangapanga ku Bern, anayamba pepala lake la 1905 ndi nkhani yomweyi yolinganiza mawotchi, asanafike pa kuchedwa kwa nthawi kapena kufupika kwa zinthu zoyenda. Ine chitsanzo chija cha sitima ndi mphezi ziwiri, chimene wokwera sitima ndi woima pambali pa njanji sagwirizana ngati mphezizo zinagwa nthawi imodzi, ndinachiwerenga mothamanga, ndikuchiyesa nthano yolowetsera ana m'mutu, kuti ndifike msanga pa masamu amene ndinkati ndiwo enieni.

Nditangoona zimenezi, kufupika kwa zinthu nakonso kunaleka kuoneka ngati chozizwitsa chapadera. Kuyeza kutalika kwa chinthu choyenda ndi kulemba pamene pali mutu wake ndi pamene pali mchira wake pa nthawi imodzi, ndipo ngati sitikugwirizana za nthawi imodziyo, sitingagwirizanenso za kutalikako. Funso la makwerero aatali amene, pothamanga pa liwiro loyandikira la kuwala, akulowa m'galaja yaifupi, limene linandidyera Loweruka lathunthu mwezi watha, ndinalimaliza m'mphindi khumi: mwini galaja akuti zitseko ziwiri zinatsekedwa nthawi imodzi makwerero ali m'kati, wonyamula makwerero akuti chitseko chotulukira chinatsekedwa n'kutsegulidwa cholowera chisanatsekedwe, ndipo onse awiri akufotokoza chithunzi chimodzi. Ma muon, tizinthu tochepa kwambiri kuposa atomu, nawonso ndi choncho. Amapangika pafupifupi makilomita 15 m'mwamba, amakhala moyo pafupifupi ma microsecond 2.2 (microsecond ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a sekondi), nthawi imene ngakhale kuwala kumangoyenda mamita 660, koma ambiri amafika pansi. Ife timati wotchi yawo ikuchedwa, iwo akanakhala ndi pakamwa akanati mpweya wa dziko ndiwo wafupika, ndipo chiwerengero cha amene afika pansi n'chimodzimodzi.

Mwina ndikukokomeza, koma panopa ndikukhulupirira kuti palibe funso la special relativity limene lingakane pensulo, lula ndi pepala la timabokosi. Hermann Minkowski, amene anaphunzitsapo Einstein masamu ku Zürich, anafotokoza njira imeneyi ku Köln mu 1908, zaka zitatu zokha chitulukire pepala loyamba lija, ndiye sindikumvetsa chifukwa chimene ife, patapita zaka zoposa 100, timaionera kumapeto kwa mutu ngati chokongoletsera. Ndikanakhala ine wokonza maphunziro, ndikanaletsa gamma kwa masabata awiri oyamba, ophunzira n'kumangojambula mizere mpaka dzanja litazolowera kupendeketsa mzere wa nthawi imodzi lokha. Ngakhale zaka 3 za waulendo zimatuluka pa chithunzipo popanda gamma: 5 kuchulukitsa ndi 5, kuchotsapo 4 kuchulukitsa ndi 4, kutsala 9, ndipo muzu wake ndi 3. Chimene munthu ayenera kusamala nacho n'chakuti pa pepala limeneli mzere wooneka wautali ndiwo uli ndi nthawi yochepa, zimene zimatsutsana ndi zonse zimene Pythagoras anatizoloweretsa, ndipo ndivomereze kuti zinandipunthwitsa kawiri ndisanazolowere.

Mnzanga amene timawerengera limodzi sagwirizana nane. Iye amakonda kuwerenga mauthenga a kuwala amene mapasawo akutumizirana chaka chilichonse: popita, waulendo amalandira uthenga umodzi wokha m'zaka zake 3, pobwerera amalandira 9, ndipo 1 kuphatikiza 9 ndi 10 popanda dzenje lililonse. Akuti njira yake ndiyo yoona mtima chifukwa ikunena zimene maso angaonedi, pamene mizere yanga yopendekeka palibe amene amaiona. Ali ndi mfundo, koma njira yakeyo imalambalala funso langa m'malo moliyankha, chifukwa siionetsa pamene 1.8 ndi 1.8 zinalakwika.

Pali chimene chikundiwawabe pa mmene tinaphunzirira mutuwu. Nditafunsa m'kalasi za zaka zosowazo, aphunzitsi anayankha kuti waulendo ndi amene amamva kukankhidwa pamene chombo chikutembenuka, kuti zimenezo ndi za general relativity (chiphunzitso cha Einstein cha mphamvu yokoka), ndipo kuti general relativity mulibe m'silabasi ya chaka chino. Theka loyamba la yankholi ndi loona, chifukwa kutembenukako ndiko kumasiyanitsa mapasawo, koma theka lachiwiri linanditsekera khomo limene linali lotsegula, popeza funso lonse limayankhika ndi special relativity yokha. Sindikuwaimba mlandu kwambiri. Mutu wonse unapatsidwa maphunziro atatu, limodzi linaphwanyika chifukwa cha msonkhano, ndipo pa mayeso chimene chimapatsa malikisi ndi kulowetsa manambala mu gamma mofulumira. Komabe zimapweteka kuona kuti munthu angathe kukhoza bwino mutu umenewu asanamvepo kuti vuto lili pa mawu akuti "nthawi imodzi", ndipo masabata atatu amene ndinataya ndikanawagwiritsa ntchito pa mitu ina imene ikundidikira.

General relativity ndangoisuzumira, ndipo kumeneko chidaliro changa chikuchepa. Manambala ake ndikuwadziwa. Mawotchi a ma satelayiti a GPS, amene ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, amachedwa ndi ma microsecond 7 pa tsiku chifukwa cha liwiro, amafulumira ndi 45 chifukwa ali kutali ndi dziko kumene mphamvu yokoka ndi yochepa, ndipo zotsala 38 zimakonzedwa kuti malo asasokonekere. Asayansi awiri, Hafele ndi Keating, anakweza mawotchi a atomu m'ndege mu 1971 n'kuzungulira nawo dziko, ndipo olowera kum'mawa anabwera atatsalira pamene olowera kumadzulo anabwera atatsogola. Chimene ndazindikira n'chakuti kuchedwa kobwera ndi mphamvu yokoka sikuli kwa mbali ziwiri monga kuja kwa liwiro: wokhala pansi ndi wokhala pamwamba onse amavomereza kuti wotchi yapansi ndiyo ikuchedwa, monga asayansi Pound ndi Rebka anaonetsera pa nsanja ya mamita 22.5 ku Harvard cha m'ma 1960. Apa pepala langa la timabokosi silikundithandiza, chifukwa timabokosi take ndi tofanana paliponse.

Chimene chikundisowetsa tulo tsopano ndi anthu a mu International Space Station, chombo chofufuziramo za sayansi chimene chimazungulira dziko. Iwo akugwa momasuka mozungulira dziko, samva kukankhidwa kulikonse, pamene ife pansi pano nthaka ikutikankha kumapazi usana ndi usiku. Lamulo lija lakuti womva kukankhidwa ndiye amabwera wamng'ono likanakhala lokwanira, ife ndi amene tikanatsalira, koma amene amatsalira ndi iwowo, ndi masekondi pafupifupi 0.005 pa miyezi 6. Zimenezi zikugwetsa yankho la m'kalasi lija, koma zikugwedezanso langa, chifukwa ndinali nditayamba kunena molimba mtima kuti woyenda mzere woongoka ndiye amakalamba kwambiri nthawi zonse, ndipo kugwa momasuka ndiko kumatengedwa ngati mzere woongoka mu general relativity. Ndawerenga kuti pakati pa malo awiri pangakhale mizere yoongoka yoposa umodzi, ndipo kuti mwala woponyedwa m'mwamba n'kubwerera ungawerenge nthawi yambiri kuposa wozungulira dziko ngakhale onse akugwa momasuka. Mawuwo ndikutha kuwabwereza, koma sindinathe kuwajambula, ndipo sindikudziwa ngati chimene ndinachipeza Lachinayi chija chidzandiperekeza mpaka kumeneko kapena ngati mawu akuti "panopa" adzafunika kuwamasulanso kachiwiri.