Ku Mangochi ndinakaona chikhodzodzo chikuyezedwa m'mamilimita

Achemwali anga amasunga data pa kafukufuku wina wa likodzo m'mphepete mwa nyanja, ndiye atandiitana ndinakwera minibasi ya pa M3 kudzera ku Liwonde. Tinafika pa boma dzuwa likuswa mtengo, akabaza n'kutiunjirira tisanatsike n'komwe. Nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria ndinangoijambula podutsa, chimodzimodzi mlatho wa Bakili Muluzi ndi Shire akutsetserekera ku Malombe.

M'mawa mwake tinapita pa sukulu ina ya pulayimale. Ana anali pamzere kudikira sikani younika chikhodzodzo, aliyense ndi kapu ya madzi.

"Amwe kaye, achimwene," anatero achemwali. "Chikhodzodzo chikakhala chopanda mkodzo chimakwinyika, khungu lake n'kuoneka lochindikala ngakhale mwana alibe vuto."

Apa m'pamene pagona nkhani. Sikani ya kafukufuku siyongoti tione chithunzi, ayi. Wounika amaimitsa chithunzicho, n'kuyeza kuchindikala kwa khungulo m'mamilimita, n'kuonanso ngati impso zatupa, motsatira ndondomeko imene akatswiri anagwirizana ku Niamey, m'dziko la Niger, mu 1996. Koma nambala yokhayokha ilibe ntchito. Pafomu amalemba makina amene agwiritsa, amene waunika, tsiku, ndiponso ngati chikhodzodzo chinadzaza. Ana akamwa mankhwala a likodzo a praziquantel adzaunikidwanso, ndipo popanda zolembazi ungadziwe bwanji kuti chasintha ndi chikhodzodzo osati dzanja la wounika?

Chinandidabwitsa ndi cha mayina. Zithunzi zachipatala zimasungidwa m'mafayilo a DICOM, ndipo fayilo imanyamula mkati mwake zonse zimene zinalembedwa pa makina, dzina ndi tsiku lobadwa lomwe. Kusintha dzina la fayilo pamwamba n'kungophimba nsima ndi mbale, yemwe wavundukula aiona. N'chifukwa chake pa makina amalowetsa nambala basi. Buku lolumikiza nambala ndi mayina limakhala m'bokosi lokiya, kutali ndi laputopu. Makomiti oona za kafukufuku monga COMREC salola chibwana pa zimenezi, ndipo kuyambira 2024 Malawi ali ndi lamulo lake loteteza data ya anthu.

Madzulo ine ndinkafuna kukaona nyanja, achemwali ayi. Magetsi atathima anapitiriza ndi batire, kukopera zithunzi za tsikulo pa laputopu, kenako pa hard drive ina imene sigona m'chikwama chimodzi ndi laputopuyo. Zotumiza ku seva zimadikira netiweki. Chithunzi choyambirira sachikhudza. Woyezanso kachiwiri amapatsidwa kope, osauzidwa zimene mnzake anapeza.

Ndinkasinza pampando pamene anaimbira mnzawo foni. Mafomu anaposa zithunzi ndi imodzi, ndipo nambala ina inaoneka kawiri.

"Musafufute chilichonse, asisi. Mawa tiyambira kusukulu komweko, tikafunse aphunzitsi."